BOTOLO LANGA LA MIYEZI INAYI LAKULAKWIRANI CHIYANI?

Magaye, uthengawu ndi wautali, ndikudziwa. Amene bandulo yatsala pang'ono musadandaule, mulibe vidiyo muno. Koma werengani mpaka pansi musanayambe kunditukwana pagulu.

Loweruka lapitali padoko, ndili mkati momasula kabureta ya Yamaha 15 ya madala ena, mmodzi mwa inu anakuwa anthu onse akumva kuti, "Musiyeni ameneyo, masiku ano ndi mzungu, mowa amayamba waununkhiza ngati galu." Munaseka nonse. Inenso ndinaseka, manja anali girisi yekhayekha, sikukanatheka kuyankha bwino. Ndiye yankho lake ndi ili.

Inde, ndimamwa wisiki, makamaka wa ku America uja amati bourbon. Ndipo inde, ndimayamba ndanunkhiza. Ndinayamba chaka chatha, nditakonza injini ya boti ya pa loji ina imene inafera pakati alendo ali momwemo. Mlendo mmodzi pochoka anandisiyira botolo latheka la Maker's Mark, lija pakamwa pake anamatapo phula lofiira. Ndinaganiza zobwera nalo kwa inu kuti tilimalize pa mphindi khumi ngati mwa masiku onse. Koma bambo uja anali atandiuza kuti ndithire pang'ono, ndikhale pansi, ndisathamange. Theka lija linanditengera miyezi iwiri.

Tiyambe ndi ndalama, chifukwa ndi pamene mumandibayira kuti ndimawononga. Botolo la 750 ml lili ndi matoti 30 a 25 ml. Ine ndimathira awiri Loweruka madzulo ndikaweruka, basi. Amenewo ndi masabata 15, pafupifupi miyezi inayi. Tsopano iwe aise, tenga ndalama ya timabotolo tapulasitiki timene umagula tsiku ndi tsiku chiletsereni masacheti, uwonkhetse ya miyezi inayi, uwonjezepo foni imene unagwetsera m'madzi ndi masiku amene sunapite kunyanja chifukwa cha matsire. Ukamaliza ubwere undiuze wowononga ndi ndani.

Kenako mumati ndi zachizungu. Mukudziwa kuti bourbon amapangira chiyani? Chimanga. Lamulo la ku America limati mowa utchedwe bourbon pokhapokha utapangidwira ku America konko, ndipo pa mbewu zonse zimene afulira, chimanga chisachepere 51 peresenti. Zotsalazo ndi chimera cha balere, ndi mbewu ina yonga tirigu yotchedwa rye, kapena tirigu weniweniyo. Amaphika phala, kuthira yisiti, kulisiya kuti lisase, kenako kutcheza. Kufika apa palibe chimene agogo otcheza kachasu kumtunda kuja sakuchidziwa, ndipo mowawo umatulukanso woyera mbee ngati kachasu yemweyo.

Kusiyana kumayambira pa mgolo. Mowa woyera uja amauthira mu mgolo watsopano wa matabwa a mtengo wa oak, umene autentha mkati mpaka thabwa kuchita makala. Amautseka n'kuusiya m'nyumba yosungira kwa zaka. Ku Kentucky, kumene bourbon wambiri amachokera, kukatentha kumatenthadi, kukazizira kumazizira mpaka madzi kuundana. Nthawi yotentha mowa umalowa m'thabwa, yozizira umabwerera, chaka ndi chaka. Mtundu wofiirira uja ndi fungo la vanila ndi shuga wopserera zimachokera m'thabwamo, chifukwa lamulo sililola kuthiramo utoto kapena zokometsera. Potcheza mphamvu isapitirire 80 peresenti, polowa mu mgolo isapitirire 62.5, ndipo m'botolo isachepere 40. Pa zaka zonsezo wina umauluka ngati nthunzi kudzera m'matabwa, eni ake amati limenelo ndi gawo la angelo. Ndiye munthu wadikira zaka zinayi, wagawana ndi angelo, iwe n'kumeza kamodzi uku ukutsinzina ngati ukumwa mankhwala a malungo. Pamenepa wamisala ndi ine wonunkhiza?

Ndipo amene mumalimbikira kuti ndi za azungu, funsani za Nearest Green. Anali munthu wakuda, kapolo ku Tennessee, ndipo ndi amene anaphunzitsa Jack Daniel kutcheza. Kwa zaka zambiri dzina lake silinkamveka, koma lero kampaniyo imavomera poyera. Botolo lakuda limene mumalilambiralo luso lake linadutsa m'manja mwa munthu wa khungu ngati lathuli.

Koma kunena zoona, amene mumandiseka padoko simundipweteka mtima kwambiri. Amene amandinyansa ndi gulu linalo, la mashasha a pa status. Munthu wabwera kuchokera ku Joni mwezi wa Disembala, kapena usipa wagwa bwino sabata imodzi, wagula Jameson kapena Black Label, waliika pa tebulo chizindikiro chitayang'ana kumsewu. Zithunzi khumi. Kenako amathira theka la tambula, kudzaza Coke mpaka pakamwa, kuponyamo aisi wa m'kulabokosi ya nsomba wonunkha utaka, n'kupapira. Pofika 10 koloko botolo latha, iye wagona pamchenga, mawa sakumbuka ngakhale kukoma kwake. Ameneyu sanagule wisiki, wagula galasi ndi pepala. Ukanamuthirira kachasu wa mutu wosakaniza ndi tiyi sakanadziwa.

Ndipo amathiriridwadi. Ine zinandichitikira ku bala ina ya kuboma, dzina sinditchula. Ndinaitanitsa toti imodzi ya bourbon amene ndimamudziwa bwino, akuthira kuchokera m'botolo lenileni ine ndikuona. Nditaika pamphuno, fungo la thina wosungunulira penti, vanila olo pang'ono. Ndinabweza. Wogulitsa anakwiya, akuti anthu onse akumwa yemweyo osadandaula. Ndi zoona, tebulo la pambali panga anali pa botolo lachiwiri, akujambulana. Inu amene mumabwera ndi injini kwa ine mutathira petulo wa m'zigubu wosakaniza ndi parafini mukudziwa chimene chimachitika: imalira bwino tsiku loyamba, kenako pulagi yada, pisitoni yapsa. Injini ndimatha kukusinthirani pisitoni. Mowa wachinyengo ukakhala ndi methanol umapha maso, penanso munthu amene, ndipo maso alibe sipeya. Mphuno imene mukuisekayo singagwire chinyengo chilichonse, koma tsiku lija inagwira. Choncho botolo muzigula m'sitolo yodziwika, chitsekerero chikhale chosathyola, ndipo mtengo ukatsika modabwitsa muzidabwadi. Botolo likatha musagulitse kwa anyamata otolera mabotolo a mayina, mukuganiza amapita nawo kuti?

Vuto limeneli ngakhale ku America linaliko. Kale kumeneko anthu ankatenga mowa woyera wotchipa, kuthiramo madzi a fodya ndi utoto, n'kumagulitsa ngati wisiki wokhalitsa. N'chifukwa chake mu 1897 anakhazikitsa lamulo, ndipo mpaka lero botolo lolembedwa Bottled in Bond limatanthauza kuti mowawo ndi wa fakitale imodzi, wotchezedwa nyengo imodzi, wakhala mu mgolo zaka zosachepera zinayi, ndipo mphamvu yake ndi 50 peresenti ndendende. Kusangalatsa kwa zimenezi kwa ine kuli pomwepa: pepala la pabotolo limawerengeka ngati pepala la pa injini. Likalembedwa Straight, wakhala mu mgolo zaka ziwiri kapena kuposa, ndipo ngati sanakwane zinayi ayenera kulemba zaka zakezo. Likalembedwa proof, gawani nambalayo pawiri: Wild Turkey 101 ndiye kuti 50.5 peresenti, muzimuopa. Nambala 12 ya pa Black Label ikutanthauza kuti wisiki wamng'ono kwambiri pa onse amene asakanizamo ali ndi zaka 12. Ndipo zaka zimenezo zimawerengedwa mu mgolo mokha, akalowa m'botolo basi wasiya kukula. Ndiye akulu aja amasunga Red Label pamwamba pa kabati chaka chachisanu tsopano, akuti akukhwima, wina akawauze mwaulemu.

Chinanso, si botolo lililonse lofiirira ndi bourbon, ndipo si onse ali ofanana monga mumanenera. Jack Daniel's amadzitcha Tennessee whiskey, ndipo asanalowe mu mgolo amamudonthetsa m'makala a mtengo wa maple. Jameson ndi wa ku Ireland, amamutcheza katatu, n'chifukwa chake amatsetsereka pakhosi. Johnnie Walker ndi wa ku Scotland, kumene lamulo limafuna zaka zitatu mu mgolo, ndipo migolo yambiri amagula yogwiritsa kale ntchito kwa a bourbon, poti iwo aja saloledwa kubwereza mgolo. Ku Scotland komweko kuli chilumba cha Islay kumene chimera amachiumitsa ndi utsi wa dothi lakuda la m'madambo. Ndinalawako kamodzi wa kumeneko, Laphroaig, pa loji ija. Amwene, zinali ngati ndanyambita waya wowambira mlamba kenako n'kulowa m'chipinda chotsukira mabala kuchipatala. Alendo ankatseka maso ndi chimwemwe. Ine ayi ndithu, utsi ndakulira momwemo, sindingaulipirenso. Ndipo palibe amene anandikakamiza kunama kuti ndaukonda chifukwa ndi wodula.

Wofuna kuyamba, musathamangire dzina lalikulu. Jim Beam wa pepala loyera ndi bourbon weniweni ndipo ali m'gulu la otsikirapo mtengo. Maker's Mark ndi wofewa chifukwa m'malo mwa rye amaika tirigu. Wokonda zoluma pa lilime ngati tsabola ayese Bulleit, muli rye wambiri. Ndipo amene muli ndi m'bale ku Joni, m'malo momutuma Jameson chaka chilichonse ngati nyimbo imodzi, mutumeni Bain's. Amapangidwa ku Wellington, kufupi ndi Cape Town, ndi chimanga chokhachokha cha ku South Africa. Si bourbon poti si wa ku America, koma ndi wapachibale, wotsekemera bwino, ndipo ine ndimamuika patsogolo pa mabotolo ena amene mumawajambula.

Kamwedwe kake sikafuna sukulu. Tambula yagalasi yoyera, osati kapu yapulasitiki imene munamwera thobwa m'mawa. Toti imodzi. Isiyeni mphindi zingapo. Nunkhizani kukamwa kuli kotsegula pang'ono, mukalowetsa mphuno yonse mungopsa. Kumwa koyamba kumawotcha, musaweruze pamenepo, lilime likuzolowera. Kachiwiri sungani m'kamwa pang'ono musanameze, kenako dikirani muone chimene chatsalira pakhosi. Mukatero dontheziranimo madzi akumwa pang'ono, fungo limatseguka, zimene zinabisala zimatuluka. Ine ndili ndi kope limene ndimalembamo ma injini a anthu ndi ngongole zawo, kumbuyo kwake ndimalemba zimene ndamva pa botolo lililonse. Pa Jim Beam ndinalemba kuti mtedza wokazinga. Pa Bain's ndinalemba nthochi yakupsa ndi tofi. Sekani, koma kope ndi langa. Wofuna Coke athire, ndalama ndi yake, koma alawe kaye kamodzi asanathire kuti adziwe chimene akumiza.

Ndikudziwa wina alemba pansipa kuti mowa ndi mowa basi, ndipo mai anga amanena chimodzimodzi. Pamenepo sinditsutsa. 40 peresenti ya ku Kentucky imawononga chiwindi chimodzimodzi ndi 40 peresenti ya kuseri kwa msika, ndipo alipo zidakwa zovala taye zimene zinayamba ndi kununkhiza. Amene simumwa, musayambe chifukwa cha uthenga uno, simukuphonya chakudya. Amene mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, kapena ukonde uli ndi ngongole, botolo ili si lanu chaka chino. Inenso mwezi umene mwera wavuta, maboti osatuluka, ma injini osabwera, sindigula. Ndipo tsiku limene ndidzaone kuti awiri a Loweruka asanduka anayi a Lachiwiri, mudzandiuze pamaso, ndidzapereka botololo.

Koma musandiuze kuti njira yanuyo ndiye yachimuna. Tonse tinanyamula nawo maliro a mnzathu uja anakwera boti usiku ali ndi timabotolo tiwiri m'thumba la jekete, akuti toletsa kuzizira. Mowa suletsa kuzizira, umangokunamiza khungu uku thupi likutaya kutentha, ndipo mwendo ukaterereka pokoka chilimira manja sagwira. Tinamufuna masiku atatu. Bambo anga apalasa bwato panyanjayi kuyambira ine ndisanabadwe, amamwa masese awo bwinobwino, koma sanakwerepo bwato atalawa. Pa malirowo palibe amene anatchedwa mzungu, tonse tinangoti ndi nthawi yake, n'kupita kukagula timabotolo tina.

Loweruka likubwerali ndikatseka shedi cha m'ma 5 koloko ndidzakhala kuseri, pa boti yakale yogadabuza ija. M'botolo mwatsala matoti asanu ndi atatu. Aliyense abwere ndi tambula yake yagalasi yotsuka, toti imodzi pa munthu, foni m'thumba. Iwe unakuwa padoko uja ubwere, yoyamba ndi yako. Amene mukulowa m'nyanja usiku umenewo mubwerenso, koma inu ndikuphikirani tiyi.