GALU WOKONGOLA NAYENSO ALI NDI MANO

Makolo anzanga a mu Lusaka, pali cizolowezi cimene cafala pakati pa ana athu ndi ife akulu omwe, ndipo cifunika kutha. Tikakumana ndi galu wa m'komboni ali mbuu ndi fumbi pa msika, timapatuka msanga. Koma tikaona Alsatian, uja timati galu wa apolisi, kapena kagalu koyela ka mtundu wa Maltese, kapena Husky wa maso a buluu amene ana amamuona pa TV, mantha onse amatha. Pitani m'mawa ku Kabulonga kapena ku Woodlands pamene anyamata a nchito amayendetsa agalu pa lamba, mudzaona ana a sukulu akuthamangila kukawasisita pamutu, ena kuwakumbatila kuti ajambulidwe pa foni.

Akulu akale anati cikomekome ca nkhuyu mkati muli nyelele. Dzina la mtundu wa galu silikuuzani khalidwe lake. Boerboel, Rottweiler ndi Alsatian ambili mu mzinda uno anagulidwa kuti azilonda nyumba, ndipo amakhala tsiku lonse mkati mwa mpanda osaona alendo. Dzanja lacilendo likatsika pamutu pake, galu wotele amaona ngati nkhondo yayamba. Kugwedeza mcila sikutanthauza cikondi nthawi zonse. Galu akauma thupi, kugoneka makutu kumbuyo, kunyambita milomo kapena kutembenuzila mutu kumbali, akukuuzani kuti mumusiye.

Ife a m'zipatala timaona mapeto ake. Munthu wamkulu amalumidwa kumwendo kapena kudzanja, koma mwana wamng'ono amalumidwa kumaso, pakhosi ndi kumutu, cifukwa msinkhu wake ulingana ndi kamwa la galu. Bala la pamenepo ndi loopsa kwambili pa nkhani ya ciwewe, popeza kacilombo kake kamayenda m'mitsempha kupita ku bongo, ndipo ulendo wocokela kumaso ndi waufupi.

Bungwe la WHO limati ciwewe cimapha anthu pafupifupi 59,000 caka ciliconse, ambili mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pa anthu 10 alionse akufa, 4 amakhala ana osakwana zaka 15. Pafupifupi onse amatenga matendawa kwa agalu. Zizindikilo zimaoneka pakapita miyezi iwili kapena itatu, nthawi zina sabata imodzi cabe, nthawi zina caka. Wodwala akangoyamba kuopa madzi ndi kusokonezeka mutu, palibe mankhwala omuciza, ngakhale ku UTH.

Ena adzati, "Koma agalu a kumayadi amalasidwa katemela." Ambili amalasidwadi, ndipo eni ake tiwayamika. Koma kodi khadi la katemela mumaliona pa mphumi pa galu? Ana a agalu a mitundu yokongola amagulitsidwa ndi m'mbali mwa miseu, opanda pepala lililonse. Ndiponso si galu waciwewe aliyense amene amacita ukali ndi kutuluka thovu. Wina amangokhala zii, wofooka, wooneka wofatsa, ndipo malovu ake angakhale ndi kacilombo masiku angapo asanayambe kuoneka wodwala. Ngakhale kungokunyambitani pa cilonda n'kokwanila. Galu wolasidwa bwino naye akaluma amang'amba mnofu, bala lingatukusile, ndipo pali ngozi ya kafumbata.

Tsono tiphunzitse ana athu malamulo awa monga mmene timawaphunzitsila kuoloka Cairo Road. Galu amene si wanu musamugwile musanapemphe mwini wake, ndipo mwini akakana, nkhani yathela pomwepo. Safunsa anadya phula. Musayandikile galu amene akudya, wagona, wamangidwa pa unyolo kapena ali ndi ana. Musapise dzanja pa geti. Galu akabwela kwa inu musathawe kapena kukuwa, imani nji ngati mtengo, manja pansi, osamuyang'ana m'maso.

Ngati ngozi yacitika, thamangilani ku pompi. Tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambili kwa mphindi 15 zathunthu, osati kungopukuta. Musaikepo tsabola, mcele kapena phulusa la ubweya wa galu. Tsiku lomwelo pitani ku kiliniki yapafupi, kaya ya Kabwata kapena ya Chelstone, kapena ku cipatala ca Chilenje kapena ca Levy Mwanawasa. Nyeleti za ciwewe zimalasidwa pa masiku osiyanasiyana, ndipo mufunika kutsiliza zonse zolembedwa pa khadi lanu ngakhale bala litapola. Musadabwe tikapanda kusoka bala msanga, timatelo dala. Funsani mwini galu khadi la katemela ndi kudziwitsa a vetelinale kuti galuyo ayang'anilidwe kwa masiku 10, koma musakhale kunyumba kuyembekeza masikuwo musanaonane ndi a cipatala.

Inunso eni agalu muli ndi mbali yanu. Lamulo la Control of Dogs Act, Chapter 247, lifuna kuti agalu alembetsedwe ndi kulasidwa katemela wa ciwewe. Kagalu kakakwanitsa miyezi itatu kalaseni, ndipo muzibweleza monga a vetelinale akuuzilani. Poyenda naye pa mseu gwilani lamba mwamphamvu, ndipo musacite manyazi kuuza munthu kuti, "Pepani, musamugwile." Ndi bwino akuneneni kuti ndinu wonyada kusiyana ndi kukapepesa pa maliro a mwana wa mnansi wanu.

Katemela wa ciwewe si wacilendo. Louis Pasteur anapulumutsa naye mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, mu 1885, ndipo pa 28 September caka ciliconse dziko lonse limakumbukila nkhondo yolimbana ndi matendawa. N'zomvetsa cisoni kuti mpaka lelo tizitaya ana ku matenda opeweka. Galu wokongola muyamikileni ndi maso muli patali, manja akhale m'thumba.