Ulendo Woona Njovu, Wolambalala Anthu

Chaka ndi chaka sukulu zasekondale zimasonkhetsa makolo ndalama za ulendo wokaphunzira. Maulendo ambiri amalunjika ku Liwonde, m'boma la Machinga, kumalo osungirako nyama zakutchire amene adakhazikitsidwa m'chaka cha 1973. Kumeneko ophunzira amaona njovu ndi mvuu, najambulitsa pa mlatho wa mtsinje wa Shire, nadya buledi amene anyamula kwawo. Dzuwa likapendeka amabwerera, ndipo pa Balaka amadutsa ali m'tulo. Akafunsidwa zimene anthu a m'maboma awiriwa amadya, kusewera kapena kuvina, amangoti kukamwa yasa! Ulendo wotere ndi wopunduka, ndipo oukonza amamana ana theka la phunziro limene makolo adalipira.

Kumaiko ena sizitero. Ophunzira akapita kwa anthu otchedwa Basque, kumpoto kwa dziko la Spain, sakhutira ndi kuona nyumba za mumzinda wa Bilbao. Amalawa tizakudya totchedwa pintxos, amaonerera pelota, masewero omenyetsa mpira kukhoma, namvetsera Euskara, chiyankhulo chimene sichili paubale ndi china chilichonse cha ku Ulaya. Boma la Francisco Franco, limene lidalamula dzikolo kuyambira 1939 mpaka 1975, lidapondereza chiyankhulochi, koma eniake adachikakamira kufikira chidaloledwa m'sukulu. Mlendo amatola mbiri yonseyi ali pa mbale ndi pa bwalo la masewero. Nanga ku Machinga ndi ku Balaka kulibe mbale? Kulibe bwalo?

Mbale ilipo, ndipo ili ndi phunziro. Wophunzira wodya matemba a m'nyanja ya Chilwa atati acheze ndi mayi wowagulitsa pamsika wa Liwonde kapena wa Ntaja, angamve za kuphwa kwa nyanjayo m'zaka za 1968 ndi 1995, ndi mmene mabanja a asodzi adavutikira. Phunziro la nyengo limene m'kalasi limagonetsa tulo, pamsika limakhala ndi nkhope. Chimodzimodzinso kalongonda, amene ana ena a m'tauni amamuseka. Nyemba zimenezi zimaphikidwa nthawi yaitali ndi kutayidwa madzi kangapo kuti ululu wake uchoke. Amene adatulukira njira imeneyi sadalowe m'chipinda cha sayansi, komabe adapulumutsa mabanja m'zaka za njala.

Bwalo nalonso lilipo. Pansi pa mtengo wa mango abambo amatakata bawo, masewero a maenje 32 ofuna kuwerengera msanga ndi kuona patali, kotero kuti katswiri wa masamu wa Folomu 4 angagonje kwa nkhalamba yosadziwa kulemba. Gule wa beni, amene adayamba potsanzira perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda, ndi mbiri yovinidwa ndi miyendo. Manganje ali ndi malo ake pa nyengo ya zinamwali za Ayao. Chiyao chenichenicho chili ndi mbiri yofuna kuimva: Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko m'chaka cha 1968, ziyankhulo zina zidakhala kunja kwa wailesi ya MBC kufikira zaka za m'ma 1990, koma Chiyao sichidafe chifukwa makolo adachisunga pakhomo. Kodi n'chanzeru kusirira kulimba mtima kwa anthu a ku Spain, kwinaku mwana wa sukulu akulephera kulonjera gogo wa ku Machinga kuti, "Ajimwiche uli?"

Otsutsa amati nthawi ndi yochepa, ndalama n'zosakwana, ndipo zakudya za m'midzi zingadwalitse ana. Mantha a matenda monga kolera ndi omveka, koma mankhwala ake ndi kusamba m'manja, madzi aukhondo ndi chakudya chotentha, osati kuthawa anthu. Za ndalama n'zongonamizira, pakuti kupempha mfumu kuti ilandire alendo, kapena kupangana ndi sukulu ya m'deralo kuti ana adyere ndi kusewera pamodzi, sikuposa mtengo wa mafuta a basi. Za nthawi, akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chenicheni chimene chimabisala kuseri kwa zifukwazi ndi mtima wonyoza, woyesa kuti munthu wa kumudzi alibe choti angaphunzitse mwana wovala yunifolomu.

Mtima umenewu ndi woopsa. Mwa ophunzira a lero mudzatuluka alangizi a zaulimi, anamwino ndi aphunzitsi amene adzatumizidwa ku Ntaja, ku Ulongwe ndi ku Phalula. Adzatumikira bwanji anthu amene adaphunzira kuwaonera pa zenera la basi? Motero sukulu iliyonse yokonza ulendo wa ku Liwonde ipatule theka la tsiku loti ana akhale pamphasa ndi eni dera. Njovu adzaziona ndithu, koma njovu sidzawauza chaka chimene Chilwa idaphwa.