ZA PAKHOMO: Ciweto Coyenera Nkhalamba Yosayenda Bwino

Nthawi ya dzinja mudzi umakhala zii. Amuna ndi akazi amalawirira kumunda, ana amapita kusukulu, ndipo pakhonde pamatsala ambuya okha amene miyendo inayamba kale kukana. Kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka palibe wowalankhula. Cifukwa ca ici mabanja ena, makamaka ana amene ali pa nchito ku Lusaka kapena ku migodi, amaganiza zopezera makolo awo kaciweto kowasangalatsa. Maganizo amenewa ndi abwino, koma ciweto cosankhidwa mosaganizira cingathe kusanduka katundu wolemera pa munthu amene mphamvu zinamuthera.

Cinthu coyamba kuyang'ana ndi mphamvu za mwini wake. Kodi angathe kuwerama? Kodi amayenda ndi ndodo? Kodi maso akali kuona bwino? Ndipo pakhomopo pali mdzukulu kapena mnansi amene adzatunga madzi ndi kusesa m'khola tsiku lililonse? Banja likayankha mafunso amenewa moona mtima, ciweto coyenera cimadziwika cokha.

Ambiri amathamangira galu, popeza galu amalonda pakhomo ndipo amakonda mbuye wake. Koma kagalu kakang'ono sikakhala pansi. Kamalumphira munthu, kamazungulira m'miyendo, ndipo kamafuna woyenda nako. Kwa nkhalamba, kugwa si nkhani yamasewera, pakuti mafupa a munthu wokalamba amakhala ofooka, ndipo fupa la m'ciuno likathyoka ambiri sadzayendanso monga kale. Ku America akatswiri a zaumoyo a boma analengeza mu 2009 kuti anthu oposa 86,000 anali kufika kucipatala caka ciriconse atagwa cifukwa ca agalu ndi amphaka, ndipo pa anthu 100 aliwonse, 88 anagwetsedwa ndi agalu. Ngati ambuya aumirira pa galu, kuli bwino kuwapezera wamkulu kale, wofatsa, wa thupi laling'ono, amene anazolowera anthu.

Mphaka, amene ena amachula kuti cona, ndiye amagwirizana bwino ndi munthu wokhala pamphasa. Safuna womuyendetsa, amadzisamba yekha, ndipo amakonda kugona pafupi ndi munthu wosasunthasuntha. Pamwamba pa izi amathamangitsa makoswe m'nyumba ndi m'nkhokwe. Komabe mphaka ndi nyama yodya nyama, ndipo nsima yokha siimukwanira. Afunika kapenta pang'ono kapena zotsala za ndiwo za nyama, pamodzi ndi madzi abwino. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu. Pano naponso wamkulu aposa kamwana, cifukwa kamwana kamakanda posewera, ndipo khungu la nkhalamba limang'ambika msanga. Kwa odwala matenda a shuga, kabala kakang'ono kamacedwa kupola.

Banja lidziwenso kuti mphaka wamkazi amatenga bere la masiku ngati 63 ndipo angathe kuswa kawiri kapena katatu pa caka. Pakhomo pangadzale amphaka amene ambuya sangathe kuwadyetsa. Wamphongo wofulidwa ndi dotolo wa ziweto savuta, ndiponso sayendayenda usiku. Mphaka wosamalidwa bwino amakhala zaka 12 kapena kuposerapo, motero abale agwirizane pasadakhale za amene adzamutenga ngati mwini wake agonekedwa m'cipatala kapena atsikira kuli cete.

Pali vuto lina lokhudza mphaka limene siliyenera kubisidwa. M'midzi ina, mayi wokalamba wokhala yekha ndi mphaka, makamaka wakuda, amayamba kunong'onedwa. Mwana akadwala pafupi, zala zimaloza kwa iye. Nkhalamba zambiri zavutika, zina kuthamangitsidwa m'mudzi, cifukwa ca manong'onong'o otere. Mphaka amayenda usiku cifukwa ndi nthawi imene makoswe amatuluka, ndipo maso ake amanyezimira mumdima cifukwa ca kapangidwe kake, monganso maso a ng'ombe ndi a galu. Lamulo la dziko lino lokhudza ufiti, limene linakhazikitsidwa mu 1914, limaletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo wocita zimenezi angathe kuimbidwa mlandu. Ndi canzeru kuti mwana kapena mdzukulu abweretse mphakayo masana, anansi akuona, ndipo a nyakwawa adziwe kuti ndi mphatso yocokera kwa abale.

Kumene mphaka angabweretse mikangano, mbira zingathandize. Tinyama timeneti tinacokera ku mapiri a Andes ku South America, ndipo kawirikawiri sitiluma. Mbira yaikulu imalemera ngati kilogalamu imodzi, moti munthu wa manja ofooka angathe kuinyamula. Zimazolowera wozidyetsa ndipo zimalira mokondwa zikamva kuti akubwera. Zimadya udzu, kholowa, masamba a kabici ndi gaga. Masamba aawisi asasowe tsiku ndi tsiku, pakuti thupi la mbira silipanga vitamini C palokha, monga momwe liriri thupi la munthu. Masamba a mbatatesi ndi a matimati ndi oipa kwa izo. Mbira imodzi imasungulumwa, conco zikhale ziwiri, ndipo ngati banja silifuna kuti ziswane, zikhale zazikazi zokhazokha. Khola limangidwe m'mwamba kufika m'ciuno, pamthunzi, kuti ambuya asamawerame ndiponso kuti agalu ndi amphaka asafikepo. Mbira zimakhala zaka zisanu kufikira zisanu ndi ziwiri.

Nkhunda nazo zimasangalatsa munthu wokhala pansi. Ambuya angathe kumwaza mapira kapena misere ali pamphasa, nkhunda n'kumatera pamapazi pawo m'mawa ndi madzulo. Zimaikira mazira awiri, ndipo yaimuna ndi yaikazi zimalandizana pofungatira kwa masiku ngati 18. Koma khola la nkhunda limakhala pamwamba, ndipo kulisesa ndi nchito ya anyamata. Fumbi la zitosi zouma limavuta anthu a cifuwa ca mphumu, motero kwa otere khola litalikirane ndi nyumba yogona.

Nyama za m'chire, monga anyani ndi mbalame zogwidwa ku cigwa ca Luangwa, siziyenera konse. Zimaluma, zimabweretsa matenda, ndipo lamulo la nyama za m'chire la 2015 sililola munthu kuzisunga popanda cilolezo.

Amene asankha galu kapena mphaka asaiwale katemera wa ciwewe. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, limati matenda amenewa amapha anthu ngati 59,000 pa caka, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa agalu. Zizindikiro zikayamba kuoneka mwa munthu, mankhwala sathandizanso. Ciweto cibayidwe cikakwana miyezi itatu, ndipo cibwerezedwe monga momwe alangizi a ziweto anenera. Tsiku la 28 Sepitembala caka ciriconse ndi lokumbutsa anthu za ciwewe. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi nyama yokayikitsa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite naye kucipatala tsiku lomwelo. Nkhalamba zambiri zimabisa mabala poopa kuvutitsa ana kapena poopa kuti ciweto cao ciphedwa, conco abale azifunsa ndi kuyang'ana okha. Alangizi omwewo ali ndi malangizo a mankhwala a utitiri, nkhupakupa ndi njoka za m'mimba.

Koposa zonse, mwini wake afunsidwe. Ena anakula osakonda amphaka, ena amaopa agalu, ndipo ena angakondwe ndi kathadzi kamodzi koyenda pabwalo. Kubweretsa ciweto mwadzidzidzi kuli ngati kupatsa munthu nchito imene sanapemphe.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mudzi umene uwasiya okha umadzimana nzeru. Mphaka angathe kufunditsa mapazi a ambuya, koma sangawatungire madzi, sangawaperekeze kucipatala, ndipo sangamvetsere nthano zao. Mdzukulu amene atumidwa kukadyetsa mbira madzulo asangoponya masamba n'kuthawa. Akhale pansi pang'ono, awafunse mmene aswerera.