KLORINI SAYENERA KUCHEPETSEDWA M'MADZI A KU RUMPHI

Anthu a pa Boma la Rumphi amamwa madzi a m'mipopi ya Northern Region Water Board, bungwe limene lidakhazikitsidwa potsata lamulo la 1995. Madziwo amathiridwa klorini kuti aphe tizilombo ta kolera ndi ta matenda ena otsekula m'mimba. Komabe pali mbali ina ya nkhaniyi imene atsogoleri ndi ogwira ntchito m'Boma ayenera kuidziwa bwino anthu asanawafunse.

M'chaka cha 1974 katswiri wa ku Rotterdam, Johannes Rook, adapeza kuti klorini akakumana ndi zinyalala zowola za masamba ndi zomera m'madzi a mumtsinje, amabala mankhwala ena otchedwa trihalomethanes, monga chloroform. Kafukufuku wa m'maiko ena adaonetsa kuti kumwa mankhwalawa mochuluka kwa zaka zambiri kungathe kuonjezera ngozi ya khansa ya chikhodzodzo. N'chifukwa chake bungwe la World Health Organization lidaika malire akuti chloroform asapitirire mamiligalamu 0.3 pa lita imodzi.

Wina pomva izi angaganize kuti klorini achepetsedwe. Ganizo limeneli n'lolakwika kotheratu. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi muno, ndipo Rumphi sadamulambalale. Kolera angaphe munthu tsiku limodzi, pamene ngozi ya mankhwala aja n'njaing'ono ndipo imadza patapita zaka zambiri. Bungwe lomwe lija limalangiza kuti ntchito yopha tizilombo isafooketsedwe poopa mankhwalawa.

Chofunika ndi chakuti madzi afike pamalo othirira klorini ali oyera kale. Mitengo ikadulidwa m'mapiri a m'munsi mwa Nyika, ndipo anthu akalima mpaka m'mphepete mwa mitsinje, mvula imakokolera matope ndi zowola m'madzi. Zowolazo zikachuluka, klorini amafunika wambiri, ndipo mankhwala osafunikawo amachulukanso.

Choncho akatswiri a zamadzi ayenera kusefa madzi mokwanira asanathire klorini, makamaka nyengo ya dzinja, ndi kuwayesa kaŵirikaŵiri. Alangizi a zankhalango ndi zaulimi, pamodzi ndi mafumu, ateteze magwero a mitsinje. Nawonso atsogoleri afotokozere anthu kuti kafungo ka klorini pampopi ndi chizindikiro cha chitetezo, kuti pasapezeke mayi wothaŵa mpopi n'kukatunga kudambo. Mutu umodzi susenza denga.