Msonkho uziona amene akulera ana

Msonkho wa pa malipiro m'Malawi muno sufunsa ngati munthu ali pabanja kapena ayi. Bungwe la Malawi Revenue Authority limaona munthu mmodzi ndi malipiro ake basi. Olemba ntchito amadula PAYE mwezi ukatha, ndipo gawo losadulidwa msonkho, lomwe mu Epulo 2024 linakwera kuchoka pa K100,000 kufika pa K150,000 pamwezi, ndi limodzimodzi kwa aliyense. Mnyamata wosakwatira ndi bambo wa ana asanu, malipiro akafanana, msonkhonso umafanana.

Kumayiko ena sizili choncho. Ku America, mwamuna ndi mkazi amasankha kulemba msonkho wawo pamodzi kapena payekhapayekha. Palinso njira yachitatu ya amene sakhalira limodzi. Ngati awiriwo sanakhale nyumba imodzi miyezi isanu ndi umodzi yomaliza ya chaka, amene akukhala ndi mwana, nalipira zoposa theka la zofunika pakhomopo, amawerengedwa ngati mutu wa banja ndipo msonkho wake umatsika. Lamulolo limalondola mwana komwe akugona.

Kuwerenga munthu payekha kuli ndi ubwino wake, ndipo boma la Chiradzulu likudziwa chifukwa chake kuposa ena. Msonkho wa nyumba umene atsamunda anaukhazikitsa nthawi ya Harry Johnston, m'zaka za m'ma 1890, unkawerenga madenga. Mwamuna akachoka kukasaka ndalama, nyumba inkatsala, ndipo okhometsa msonkho ankapeza mkazi. Amayi ankagwidwa ngati chikole mpaka ndalama ipezeke, nyumba zina nkutenthedwa. Msonkho umenewu pamodzi ndi thangata zinali m'gulu la madandaulo amene anabala nkhondo ya John Chilembwe ku Mbombwe, m'boma lomweli la Chiradzulu, mu Januwale 1915. Mkazi asamalangidwe chifukwa cha ngongole ya mwamuna amene sali pakhomo, ndipo pamenepa lamulo lathu lalero lili bwino.

Pomwe lalakwa ndi poti, pothawa kuwerenga madenga, lasiyanso kuona ana ogona pansi pa madengawo. Ku Chiradzulu kukhala motalikirana si chizindikiro choti banja latha. Malo olima ndi ochepa, ndipo mwa mwambo wa chikamwini munda ndi ana zili kwa mkazi. Mwamuna amakagwira ntchito ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Joni, mkazi nkutsala akusunga mudzi. Aphunzitsi, anamwino ndi apolisi nawonso amatumizidwa komwe boma lafuna, mnzawo nkutsala kwina. Malipiro amodzi amagawika pawiri: lendi ya kachipinda ku Bangwe, feteleza ndi fizi kumudzi, kuphatikizapo ya minibasi yokaonera ana. Msonkho umadulidwa ngati kuti munthuyo akudya yekha.

Mayi wotsala kumudzi ndiye saonekeratu m'mabuku, chonsecho amapereka. Pamsika wa Mbulumbuzi, asanagulitse mulu ndi umodzi womwe wa tomato, wamatikiti wa khonsolo amakhala wafika kale. Ndalama ikalowa pa foni kuchokera ku Johannesburg, iye akagula malata kapena simenti amalipira VAT, akagula mayunitsi amalipiranso. Ndiye amadzuka usiku mwana akatentha thupi, ndiye amaima pamzere kuchipatala. Ena mwa amayiwa mwamuna anasiya kutumiza kalekale, koma ankhoswe sanakhalepo pansi kuti ukwati watha, choncho pamaso pa anthu akadali pabanja.

Ena anena kuti kuchotsera olera ana msonkho kungapindulire okhawo a pa ntchito yolembedwa, amene ndi ochepa. Mfundoyi ndi yoona, koma sikuthetsa nkhani. Malipiro a mlonda kapena mphunzitsi mmodzi amadyetsa makomo angapo kumudzi, ndipo ndalama yotsala m'thumba mwake imakathera pamsika womwewo. Enanso aopa chinyengo, kuti anthu adzitchulira ana a eni. Kale manthawo akanamveka. Lero kuli National Registration Bureau, ziphaso za unzika zinayamba kuperekedwa mu 2017, ndipo ana akulembedwa m'kaundula pobadwa. Mwana mmodzi angathe kuwerengedwa kamodzi, pa dzina la kholo limodzi.

Chofunika kusamala nchoti mwayiwo usagwere aliyense wongotchedwa bambo. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa mwambo ndipo limakakamiza makolo kusamalira ana awo. Lamulo la msonkho litsate mzere womwewo: wochotseredwa akhale amene akukhala ndi mwanayo, kapena amene angaonetse kuti amatumiza chithandizo mwezi ndi mwezi. Mauthenga a Airtel Money, Mpamba ndi Mukuru ndi umboni wokwanira.

Chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo isanafike nthawiyo Unduna wa Zachuma umamva maganizo a anthu pa bajeti. Aphungu a ku Chiradzulu akaitule nkhaniyi kumeneko, ndipo akailankhulenso ku Nyumba ya Malamulo.