Kompyuta Yaing'ono Yokonzera Zithunzi

Achinyamata angapo ku Chitakale, ku Limbuli ndi pa boma la Mulanje akupeza ya sopo pojambula maukwati ndi zinkhoswe. Kamera amakhala nayo, mwina yobwereka. Chimene chimawasowa ndi kompyuta yokonzera zithunzizo, ndipo nkhaniyi imathera kwa inu makolo, amene muyenera kutulutsa ndalama za chinanazi kapena za masamba a tiyi. Funso limene timalimva kawirikawiri ndi lakuti, kodi timabokosi ting'onoting'ono tija timene timagulitsidwa ku Limbe ndi ku Blantyre tingapirire ntchito yolemera chotere? Ife tikuti inde. Kuno kwathu timatiyika patsogolo pa mabokosi akuluakulu, ndipo chifukwa chake ndi magetsi.

Tonse tikukumbukira kuti namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthimathima kunatizunza kwa nthawi yopitirira chaka. Bokosi lalikulu lokhala ndi graphics card yamphamvu limatha kudya mawati 300 kapena kuposa likakhala pa ntchito. Kabokosi kakang'ono monga Dell OptiPlex Micro, HP EliteDesk Mini kapena Lenovo ThinkCentre Tiny nthawi zambiri kamabwera ndi chaja ya mawati 65 kapena 90 basi. Batire ndi inverter zimene zili kale m'nyumba zambiri za sola zingakayendetse pamodzi ndi sikirini yake kwa maola angapo. Mkwati amene analonjezedwa zithunzi Lachitatu sadzamva zoti magetsi anathima.

Mukafika m'sitolo, musatengeke ndi kuwala kwa bokosi. Funsani za RAM. Chithunzi chimodzi cha mtundu wa RAW chochokera mu kamera ya mamegapixel 24 chimakhala cha mamegabayiti 25 kapena 30, ndipo chikatsegulidwa mu Photoshop n'kuyamba kusanjikizidwa chimafufuma ngati mandasi m'mafuta. RAM ya 8 GB imapangitsa mnyamata kukhala chopenya pasikirini kudikira. Ya 16 GB ndiye poyambira, koma ya 32 GB ndi imene imapereka mtendere. Ubwino wa timabokosi ta Dell, HP ndi Lenovo ndi wakuti timatseguka mosavuta ndipo tili ndi mipata iwiri ya RAM, choncho mukhoza kugula 16 lero n'kudzaonjezera mukakolola. Chosungira chikhale SSD, osachepera 512 GB, chifukwa ukwati umodzi wa zithunzi 1,000 umadya pafupifupi 30 GB.

Pali msampha umodzi pa makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imavomereza mapurosesa a Intel a m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita mtsogolo. Muuzeni wogulitsa ayatse kompyutayo muone nokha nambala ya purosesa. Ikakhala i5-8500T, ili bwino. Ikakhala i5-6500T kapena i5-7500T, ndi yakale, ngakhale ataitsitsa mtengo motani. Ogulitsa ena amangoti "ndi i5 iyi, bwana," ngati kuti ma i5 onse anabadwa tsiku limodzi.

Amene ali ndi thumba lolemerako angaganizire Mac mini ya M4 imene Apple inatulutsa mu Novembala 2024. Ndi yothamanga kwambiri, siphokosera, imabwera ndi RAM ya 16 GB ndipo imadya magetsi pang'ono zedi. Koma RAM yake siionjezeredwa mukagula, ndipo ikadwala simungayembekezere kupeza mmisiri wake pa Chitakale.

Tisabise zofooka zake. Timabokosi totchipa tija tilibe graphics card yapadera, choncho ntchito monga kuyeretsa chithunzi chojambulidwa mumdima ndi Denoise ya Lightroom zimachedwa. Fani yake ndi yaing'ono, ndipo m'dzuwa la Okutobala, fumbi likadzaza m'mabowo, purosesa imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Kabokosiko kakhale patebulo, osati pansi kapena m'kabati, ndipo kasavundikiridwe ndi kansalu kokongola kaja amayi amaika pa wailesi. Pa miyezi itatu iliyonse katsegulidwe n'kupemereredwa.

Wina asamalize ndalama zonse pa bokosi n'kutola sikirini iliyonse. Pezani ya mtundu wa IPS ya mainchi 24, chifukwa zina zimasintha mtundu munthu akangopendeketsa mutu, ndipo diresi loyera la mkwatibwi limakatuluka lachikasu kosindikiza. Sikiriniyo ikhale patali ngati kutalika kwa mkono, m'mphepete mwake mwa pamwamba mulingane ndi maso, ndipo pa mphindi 20 zilizonse wokonzayo aziyang'ana kutali. Kuno tili ndi mwayi, phiri lili pawindo.

Photoshop ndi Lightroom zimalipiridwa m'madola mwezi ndi mwezi, ndipo mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira. GIMP ndi darktable ndi zaulere ndipo zimagwira bwino pa timabokosi timeneti.

Pa ndalama zotsala mugule UPS ndi hard disk yachiwiri yokoperamo zithunzi za makasitomala tsiku lomwelo zajambulidwa. Mitambo ikayamba kuda pamwamba pa Chambe n'kumveka mabingu, zulani mapulagi onse kukhoma.