NDEMANGA: Tifunse za gasi tisadalandire makina oziziritsa

Kwa zaka zambiri bungwe lathu lakhala likupempha boma ndi mabungwe otithandiza kuti alimi ang'onoang'ono akhale ndi malo oziziritsira zokolola zawo. Pempholi ndi lomveka. Mkaka ukakamidwa umayenera kuzizira kufika pa madigiri 4 pasadathe maola ochepa, apo ayi umasasa ndipo ogula amaubweza. Tomato wa ku Lizulu ndi ku Jenda, ndiwo zamasamba za ku Bvumbwe, mango a ku Salima ndi nsomba za ku Mangochi zimagulitsidwa pa mtengo wolira chifukwa mwini wake alibe poti n'kusunga. Choncho timakondwa tikamva kuti gulu lakuti lalandira thanki yoziziritsira mkaka kapena chipinda chosungiramo zipatso. Koma pa tsiku lolandira makinawo, nthungululu zili m'kati, pali funso limodzi lomwe sitifunsa: kodi m'makinamu muli gasi wanji?

Funsoli lingaoneke ngati la amisiri okha, koma likukhudza thumba la mlimi. Firiji iliyonse, kaya ya m'nyumba kaya thanki ya gulu, imagwira ntchito ndi gasi amene amazungulira m'mapaipi. Gasiyo amayamwa kutentha kwa mkaka, kompuresa n'kumukankhira kunja komwe amakataya kutenthako, kenako n'kubwereranso. Paipi ikabooka ngakhale pang'ono, gasi amathawa, thanki imaleka kuzizira, ndipo gulu limayenera kuitana mmisiri kuti adzathire wina. Gasi wotereyu sapangidwa m'dziko muno, amagulidwa ndi ndalama zakunja. Tonse tikukumbuka mmene katundu wochokera kunja adakwerera mtengo ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Kuonjezera pa vuto la ndalama zakunja, mitundu ya gasi yomwe ili m'matanki ndi m'zipinda zambiri zoziziritsira ikuthetsedwa pa dziko lonse. M'chaka cha 1987 maiko adasainirana pangano mumzinda wa Montreal ku Canada loti athetse mpweya umene umaononga ozoni, chophimba cha mumlengalenga chomwe chimatitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa. Gasi wa m'mafiriji akale wotchedwa R12 adatha mwa njira imeneyi pofika chaka cha 2010. Wotsatira wake, R22, akuchepetsedwa chaka ndi chaka, ndipo maiko ongotukuka kumene ngati lathu ayenera kukhala atamusiya pofika 2030, kupatula pang'ono chabe pokonzera makina akale.

M'malo mwa R12 ndi R22 makampani adabweretsa mitundu ina monga R404A ndi R134a. Iyi siononga ozoni, koma idapezeka ndi mlandu wina: imatenthetsa dziko koopsa. Kilogalamu imodzi ya R404A ikathawira mumlengalenga imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu pafupifupi 3,900 a mpweya wa carbon dioxide. Ya R134a imafanana ndi makilogalamu 1,430. N'chifukwa chake mu Okutobala 2016 maiko adakumananso ku Kigali m'dziko la Rwanda n'kugwirizana zochepetsanso mitundu imeneyi. Dziko la Malawi lidavomereza mgwirizanowu m'chaka cha 2017. Malinga ndi ndondomeko yake, kuyambira 2024 sitiloledwa kuitanitsa gasiyu mopyola mlingo umene tidaikiridwa. Mu 2029 mlingowo udzatsika ndi 10 peresenti, mu 2035 ndi 30 peresenti, mu 2040 ndi theka, ndipo mu 2045 ndi 80 peresenti.

Thanki yosamalidwa bwino imatha kugwira ntchito zaka 15 kapena kuposerapo. Ndiye kuti makina amene gulu likulandira lero adzakhala adakalipo pa nthawi yomwe gasi wake azidzasowa. Chinthu chikamasowa mtengo wake umakwera, ndipo zimenezi zidaoneka kale ku Ulaya m'zaka za 2017 ndi 2018, pamene mtengo wa R404A udakwera kangapo konse malamulo ochepetsa gasiyu atayamba kuluma. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chokha chaimba, ndipo zaka zake zidalembedwa kale.

Pakati pa mitundu ya gasi yomwe ikulowa m'malo pali mpweya wa carbon dioxide, womwe ambiri tidauphunzira kusukulu kuti mpweya woipa. Ndi mpweya womwe timautulutsa popuma, womwe chimanga chimayamwa m'munda, womwenso umachititsa thovu m'zakumwa za m'mabotolo. Amisiri a mafiriji amautcha R744. Ntchito yoziziritsayi siudaiyambe lero. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 sitima zapamadzi zonyamula nyama yozizira kupita ku Ulaya zinkagwiritsa ntchito mpweya womwewu. Udasiyidwa pang'onopang'ono kuyambira m'ma 1930 atatulukira gasi wopangidwa m'fakitale. Amene adaudzutsanso ndi Pulofesa Gustav Lorentzen wa ku Trondheim m'dziko la Norway, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Lero masitolo akuluakulu masauzande ambiri ku Ulaya akuziziritsa nyama, mkaka ndi ndiwo zamasamba ndi mpweyawu, ndipo ku South Africa masitolo monga Woolworths ndi Pick n Pay adayamba kuugwiritsa ntchito cha m'ma 2010.

Wina angafunse kuti, nanga si mpweya womwewu umene ukusokoneza nyengo? N'zoona, koma chimene chikuononga ndi kuchuluka kwa umene umatuluka potentha malasha, mafuta ndi nkhalango. Wa m'firiji ndi wochepa, ndipo ukathawa kuononga kwake n'kochepa kambirimbiri poyerekeza ndi R404A. Komanso sapangira dala wina watsopano. Amatenga umene ukutuluka kale m'mafakitale, kuuyeretsa, kuchotsamo chinyontho n'kuuthira m'masilinda. Suyaka moto, suononga ozoni, palibe kampani yomwe ili ndi umwini wake, ndipo palibe pangano lomwe likuuletsa m'mafiriji. Mpweyawu umatulukanso pamene zotsalira za nzimbe zikusasa popanga ethanol, ntchito yomwe imachitika ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Tikuona kuti n'koyenera kuti boma ndi makampani afufuze ngati dziko lino lingathe kudzipangira lokha gasi wa mafiriji kuchokera ku nzimbe zomwe alimi athu omwe amalima.

Komabe sitikufuna kuti mamembala athu atengeke ndi mbiri yabwino yokha. Makina a carbon dioxide ali ndi zovuta zake, ndipo zina mwa izo zikukhudza dziko lathu mwachindunji.

Vuto loyamba ndi mphamvu yomwe mpweyawu umakankhira m'mapaipi. Tayala la galimoto limapopedwa kufika pa muyeso wa bar 2 kapena kuposerapo pang'ono. M'makina a carbon dioxide muyesowu umafika pa bar 90 mpaka 100, kuposa kanayi kapena kasanu mmene zimakhalira m'makina a R404A. Mapaipi ake ayenera kukhala olimba mwapadera, ndipo mmisiri wosaphunzira bwino akhoza kudzivulaza kapena kuononga makina. Pa chifukwa chomwechi makinawa amakwera mtengo pogula.

Vuto lachiwiri ndi kutentha. Kunja kukatentha kufika cha pa madigiri 31, mpweyawu susandukanso madzi m'mapaipi otayira kutentha monga amachitira gasi wina, ndipo makina amadya magetsi ambiri. Ku Norway vutoli ndi laling'ono, koma ku Nsanje ndi ku Chikwawa mwezi wa Okutobala kumatentha kupyola madigiri 40. Akatswiri adapeza njira zochepetsera vutoli, monga kuonjezera kompuresa ina yothandizira ndi kunyowetsa mphepo yozizitsa mapaipi ndi madzi, koma zonsezi zimalira ndalama. Makina oyenera ku Dedza kapena ku Mzuzu sangangotengedwa n'kukaikidwa ku Chigwa cha Shire osasintha kanthu.

Vuto lachitatu ndi kuzimazima kwa magetsi. Makina a carbon dioxide akaima nthawi yaitali, mpweya umatentha, mphamvu yake imakwera, ndipo zotetezera zimautulutsira kunja kuti mapaipi asaphulike. Magetsi akabwera makina amakhala opanda gasi wokwanira. Tikukumbukira mdima womwe tidakhalamo namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Aliyense woika makina otere m'dziko muno ayenera kuikanso jenereta kapena magetsi a dzuwa. Pomaliza, mpweyawu ulibe fungo ndipo umalemera kuposa mpweya wamba, kotero ukadontha m'chipinda chotseka umatha kukomola munthu. Chipinda chilichonse chotere chiyenera kukhala ndi kachipangizo kochenjeza.

Poona zonsezi, maganizo athu ndi awa. Carbon dioxide ndi woyenera pa makina akuluakulu: masitolo, mafakitale a mkaka, malo ophera nyama ndi nyumba zikuluzikulu zosungiramo zipatso zotumiza kunja. Pa thanki yaing'ono ya gulu la kumudzi kapena firiji ya magetsi a dzuwa, gasi wina wachilengedwe wotchedwa R290 ndiye amachita bwino, chifukwa amapirira kutentha ndipo makina ake ndi osavuta. Uyu ndi mbale wake wa gasi wophikira, choncho amayaka moto ndipo amafuna mmisiri wodziwa. Chimene tikukana ndi kupatsidwa makina a R22 kapena R404A lero ngati kuti palibe chikusintha.

Tikudziwanso kuti maiko olemera akamachotsa makina akale, makinawo amafunafuna kolowera, ndipo kawirikawiri amalowera kuno ku Africa pa mtengo wokopa. Dziko la Ghana lidaona vutoli ndipo lidaletsa kuitanitsa mafiriji ogwiritsidwa kale ntchito m'chaka cha 2013. Nkhani ya masitolo ndi mafakitale nayo isaoneke ngati ya eni ake okha. Fakitale ya mkaka ikamaononga ndalama zambiri pa gasi ndi magetsi, imabweza ndalamazo potsitsa mtengo wa lita imodzi kwa mlimi. Ndipo nyengo ikamasokonekera, amene amayamba kulira ndife, monga zidachitikira kuchigawo cha kummwera namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023.

Choncho ife ngati bungwe la alimi tikupempha zinthu zisanu.

Choyamba, boma ndi mabungwe onse ogulira alimi makina oziziritsa alembe m'mapepala oitanira ogulitsa kuti akufuna makina a gasi wachilengedwe. Ngati pali chifukwa chogulira mtundu wina, gulu lolandira liuzidwe chifukwacho polemba.

Chachiwiri, boma likhwimitse malamulo oletsa kulowetsa makina akale a gasi amene akuthetsedwa, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi ogwira ntchito m'zipata za dziko apatsidwe zida zoyezera gasi amene akulowa.

Chachitatu, bungwe la TEVETA ndi sukulu zophunzitsa ntchito zamanja ziike maphunziro a R744 ndi R290, ndipo achinyamata ochokera m'madera a alimi a mkaka monga Thyolo, Chiradzulu, Mulanje, Lilongwe ndi Mzimba apatsidwe mwayi. Thanki ikaonongeka Loweruka, mkaka sungadikire mmisiri wochokera ku Johannesburg.

Chachinayi, pansi pa pangano la Montreal pali thumba la ndalama lothandiza maiko ngati lathu kusintha makina ndi kuphunzitsa amisiri. Tikupempha nthambi ya boma yoona za chilengedwe kuti pokonza mapulani ogwiritsira ntchito thandizo limeneli iziitana mabungwe a alimi, monga SHMPA, CREMPA ndi Mpoto, kuti matanki a kumudzi asaiwalike.

Chachisanu, boma liganizire zochotsa msonkho pa makina a gasi wachilengedwe ndi zida zake, kuti mtengo wogulira usakakamize magulu kusankha makina otchipa lero amene adzawasaukitse mawa.

Kwa inu mamembala, ntchito iyambe sabata ino. Pa thanki kapena firiji iliyonse pali kachitsulo kapena kapepala komwe adalembapo dzina la gasi, loyamba ndi chilembo cha R. Komiti ya gulu ipite ikawerenge, ilembe m'buku dzina la gasiyo, chaka chomwe makina adafika ndi ndalama zomwe gulu laononga pothira gasi m'zaka zitatu zapitazi, kenako itumize ku ofesi yathu ya m'boma lanu. Ngati muli ndi R22 kapena R404A musataye makinawo. Asamaleni, tsekani msanga pomwe pakudontha, tsukani fumbi pa mapaipi akunja, ndipo yambani kusunga kangachepe pa lita iliyonse pokonzekera kugula ena.

Ndipo akabwera alendo ndi makina atsopano, alandireni mwaulemu monga mwa chikhalidwe chathu, koma musadasaine funsani: muli gasi wanji, amagulitsidwa kuti ndipo ndalama zingati, mmisiri wake ali kuti, nanga magetsi akazima chimachitika n'chiyani? Safunsa adadya phula. Malipoti anu tidzawasonkhanitsa ndi kukawatula kwa aphungu a komiti ya za ulimi ku Nyumba ya Malamulo, kuti pokambirana za makina oziziritsa mawu a mlimi wamng'ono amveke.